Chipewa Si Mutu

Patuma mwana wanga,

Dzanja ukulionali ndi la amayi ako, koma pakamwa ndi panga. Ukudziwa kuti ine cholembera chimanditerereka m'zala ngati mlamba wamoyo. Ndiye takhala pano pamthunzi masana ano, iwe uli uko kukaona anganga ako kutsidya kwa dambo, ine ndikulankhula, Abiti Jafali akulemba. Ndawapempha kuti alembe momwe ndikuneneramu, asadule, asakonze. Ayamba kale kudandaula kuti mapepala atha ndisanafike pa nkhani. Aleke adandaule. Anakwatiwa ndi munthu wa nthano akuona ndi maso awo.

Mwina udabwa kuti bwanji ndikulembera kalata munthu amene tikukhala bwalo limodzi. Chifukwa choyamba n'chakuti ndikayamba kulankhula umati, “Ababa, ndamva,” n'kunyamuka ndisanafike ndi pakati pomwe. Pepala sungalidule mawu. Chifukwa chachiwiri ndiye chachikulu. Amayi ako andiuza zimene unanena dzana pochokera kumjigo. Akuti unati mawa sukwera minibasi. Akuti unati malo ako a ku koleji ku Blantyre apatse wina, iwe ukhala kuno mpaka njala ithe, chifukwa ukapita tizikunamiza pa foni kuti tili bwino pamene tagonera mango owiritsa. Usawakwiyire amayi ako poulula. Nkhani yotere siigona m'mimba mwa munthu mmodzi. Tsono mutu wa kalatayi ndi umenewo: mawa ukwere. Zina zonse ndi njira yofikira pamenepo, ndipo njira zanga ukuzidziwa, zimayamba zadzera kudimba.

Ndiyambe ndi kunyada, chifukwa ndili nako kochuluka ndipo ndikusowa pokuika. Ukukumbukira tsiku lija unabwera kuchokera ku Balaka kwa azakhali ako a Rozina, utamaliza Folomu 4, utanyamula laputopu yakale imene anakubwereka kumalo kuja mumaphunzira makompyuta? Batire lake linkafa msanga kuposa mwanapiye wa m'dzinja. Unakhala pakhondepa n'kunena kuti, “Ababa, ndikufuna kuika nthano zanu pa intaneti, anyamata athu a ku Joni azimvera akaweruka.” Ine ndinafunsa kuti intanetiyo ili mbali iti ya Liwonde. Sunaseke. Unandifotokozera ngati munthu wamutu, ndipo ine zanga zonse zimalowera kukhutu, ndiye ndinasunga. Unati womanga tsamba la pa intaneti sayamba ndi kudula mitengo. Pali chimango chimene ena anaimika kale, iwe umangophoma ndi kufolera. Eni chimangocho analemba buku la malangizo m'Chingerezi, lodzaza zitsanzo, ndipo inu oyamba kumene mumaphunzira potengera zitsanzozo chimodzichimodzi.

Kenako unandiuza chinthu chimene chinandiseketsa mpaka misozi: kuti makina amene anthu amawaopawa ndi nkhalamba yoiwala. Ukagogoda imafunsa kuti ndiwe yani. Wayankha, walowa, wangoti usunthe kupita kuchipinda china, ikufunsanso kuti ndiwe yani. Ndiye kuti isavutitse anthu, imakupatsa kachizindikiro koti foni yako isunge, monga amachitira osunga njinga pamsika wa Ulongwe: wasiya njinga, akupatsa kachitsekero ka botolo kolembedwa, ukabwera sakufunsanso dzina la agogo ako, angoona kachitsekero. Nthawi yonse kuyambira pamene wapatsidwa kachizindikiro kufikira pamene wakabweza unati imatchedwa seshoni. Amayi ako akuti sadziwa kalembedwe kake. Ndawauza alembe momwe akumvera, ukakonza wekha ku koleji.

Ndinamvetsa msanga chifukwa ntchito imeneyo ndi yanga. Zaka zimene ndinkayenda m'sitima ya ku Nayuchi ndikunena nthano, anthu ankakwera ndi kutsika nthano ili pakati. Munthu akakweranso ulendo wina, ndinkayenera kudziwa kuti uyu tinalekera pamene mlenje wafika pamtsinje, uyo tinalekera pamene mkazi wabisa mkondo. Iwe unkafuna kuti makina achite zomwezo, kuti mnyamata wotopa ku Joni akatsegula apeze nthano pamene anaisiya dzulo. Mwana wanga, usiku umenewo sindinauze munthu, koma m'mawa mwake ndinauza aliyense amene anadutsa pamsewu.

Tsono imva za chifuwa cha malume anga. Nthano anandiphunzitsa ndi malume anga a Namakhwa, ku Ulongwe, ndili mnyamata. Iwo sankati khala pansi ndikuphunzitse, iyayi. Unkangowatsata kumsika, kumaliro, kumowa, n'kumameza mawu. Nthano yawo yaikulu inali ya mlenje amene anakwatira mkazi wa pansi pa madzi. Tsiku langa loyamba kuinena pagulu kunali ku sadaka, anthu atadya, atakhala mwee. Ndinaigwira bwino. Pamene malume ankakweza mawu, ndinakweza. Pamene ankaimba, ndinaimba. Mlenje atafika pamtsinje ndinaima, n'kutsokomola mozama, n'kulavulira kumanzere, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa malume pamenepo ankatero nthawi zonse. Pomwepo mayi wina anaphulika kuseka, onse n'kutsatira. Malume anapukusa mutu n'kunena kuti, “Iwe Fabiano, chifuwacho n'changa. Ameneyo ndi fodya wa chingambwe, si nthano.”

Iwenso unatsokomola chifuwa cha eni ake, ndipo ukudziwa pamene ndikunena. M'chitsanzo cha m'buku lija munali kiyi wachinsinsi, mawu amene makina amadindira zizindikiro zija kuti munthu asapange chake chabodza. Olemba bukuwo anangoikapo kiyi wosonyezera, pansi pake n'kulemba kuti aliyense aike wake. Iwe unatengera zonse, ndi kiyi yemwe. Mnzako Madalitso wa ku Balaka, amene ankawerenga buku lomwelo, anangodzipangira chizindikiro ndi kiyi yemweyo, n'kulowa ngati ndiwe, n'kusintha moni wa patsamba kuti azinena kuti, “Takulandirani kwa Patuma, mfumukazi ya matemba.” Unakwiya mpaka kukana chakudya, chimene m'chaka chino si chinthu chapafupi. Kenako unaseka, n'kuika kiyi wako. Ndiye ndikukumbutsa: chitsanzo chili chonse chimabwera ndi chifuwa cha mwini wake. Ku koleji akakupatsa zitsanzo zambiri, zokongola, zoyenda bwino. Tengera, usachite manyazi, tonse tinayamba ndi kutengera. Koma pa mzere uliwonse uzifunsa kuti, kodi apa ndi nthano kapena ndi fodya?

Amayi ako akuti ndifulumire, dzanja lawawa. Ndawauza kuti dzanja limene linapalasa mpunga kunyanja ya Chiuta silingaphedwe ndi cholembera.

Imva tsono za chipewa, chifukwa iyi ndiyo ikutifikitsa pa chilonda chako. M'sitima muja munkadzaza moti nkhope za anthu sunkaziona, unkangoona misana ndi zipewa. Ine ndinazolowera kuzindikira anthu anga ndi zipewa. Panali Che Bwanali, wogulitsa matemba, wa chipewa cha mlaza chomangidwa kansalu kofiira. Ameneyo sitinkangouzana nthano, ankandiuzanso za kumtima kwake. Nthawi imeneyo ankafunsira mkazi wachiwiri ku Nayuchi, wamkulu kunyumba asakudziwa. Tsiku lina ndakwera pa Liwonde, ndikuona chipewa chija patsogolo. Ndinadzipanikiza mpaka kukhala pa thumba kumbuyo kwake, n'kuyamba: “Che Bwanali, tinalekera pati? Eya, za mayi wa ku Nayuchi uja. Abale ake avomera? Nanga nsalu ija munati mubisa pansi pa matemba, inafika osanunkha?” Ndinalankhula, mwana wanga, ukundidziwa. Chipewa chinangokhala phee. Nditapuma kuti ndimeze malovu, chipewa chinatembenuka. Pansi pake panali nkhope ya mlamu wake, mchimwene wa mkazi wamkulu uja, amene anabwereka chipewacho chifukwa dzuwa linali loswa mtengo. Anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti, “Pitirizani, achimwene, ikukoma.”

Ndinatsika pa siteshoni yotsatira, kumene kunalibe ndi galu yemwe wondidziwa, n'kubwerera wapansi. Che Bwanali atandipeza ndinawauza kuti cholakwa ndi chipewa, bwanji anabwereketsa. Iwo anati, “Fabiano, unabadwira kuti? Kuno jekete ya ukwati imodzi yakwatitsa mudzi wonse. Chipewa si mutu.”

Chipewa si mutu, Patuma. Ndipo foni si munthu. Izi unaziphunzira ndi misozi, ndipo ndikuzibwereza osati kuti ndikutonze, koma kuti umve momwe ine ndinazionera, chifukwa iwe unaona manyazi okha.

Tsamba lako litayamba kuyenda, amayi a m'mudzi muno anakupempha kuti uwonjezere malo osiyira uthenga wa mawu, chifukwa ambiri salemba, ndipo kuimba foni ku Joni kumadya mayunitsi ngati chiswe. Unawonjezera. Unawauza kuti uthenga amva ndi mwini wake yekha. Ndipo m'buku lija munali chitsanzo chosonyeza momwe ungauzire makina kuti munthu akalowa kamodzi azimukumbukira nthawi yaitali, asamavutike kulowanso. Chinaoneka chachifundo, ndiye unachitengera. Koma amene analemba chitsanzocho amakhala kumene aliyense ali ndi foni yake m'thumba, ndi mwana yemwe. Kuno foni imodzi imagona nyumba zingapo sabata isanathe.

Abiti Sumaili, mkazi wa Che Yusufu amene ali ku Joni, alibe foni. Anabwereka ya mlamu wake, mlongo wa mwamuna wakeyo, n'kupita nayo kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, n'kulankhula zimene munthu salankhula pagulu. Anati ana akugona ndi madzi. Anati chimanga chimene Che Yusufu anatumiza kudzera kwa amayi ake, iye sanachione ngakhale m'mbale. Anamaliza ndi kuti, musawauze kuti ndanena. Anabweza foni, n'kuthokoza. Madzulo mlamu uja anatsegula tsamba lako kuti amvere nthano yanga pamodzi ndi amayi ake. Makina anaona kachizindikiro kaja n'kuganiza kuti akadali Abiti Sumaili. Uthenga unali pamwamba penipeni. Anadina.

M'mawa mwake ukukumbukira. Amayi ake a Che Yusufu analowa pabwalo pano opanda ndi odi yemwe.

“Ali kuti mwana wa makina uja? Atuluke! Bambo ake anatha mabanja m'sitima ndi pakamwa, mwana akutha mabanja ndi magetsi!”

Ine ndinati, “Amayi, khalani pansi kaye.”

“Ndikhale pansi ndidye chiyani, nthano? Dziko lonse lamva kuti ndine wakuba chimanga cha zidzukulu zanga!”

Amayi ako anati, “Dziko lonse liti? Mwamva ndinu ndi mwana wanu. Amene akulengeza pamsewu ndinu.”

Pamenepo zikanafika poipa, koma kumbuyo kunabwera Abiti Sumaili, mwana ali kumsana. Iye sanakuwe. Anangoima patsogolo pako n'kunena motsitsa kuti, “Unati amva ndi mwamuna wanga yekha. Unatero, Patuma.” Mawu amenewo ndiwo anakulasa, ndinaona nkhope yako.

Ine pakamwa panga panali patakonzeka kale. Ndinkafuna kunena kuti cholakwa ndi buku, cholakwa ndi azungu, cholakwa ndi wobwereketsa foni. Usanandipatse mpata unagwada pansi n'kunena kuti, “Ndalakwa ndine, amayi. Buku silikudziwa kuti kuno timabwerekana foni. Ine ndikudziwa, ndipo sindinaganize.” Mwana wanga, ine ndanena mawu ambiri padziko lino, ena anthu anandigulira nawo tiyi. Koma mawu olemera ngati amenewo sindinanenepo. Bambo ako anatsika sitima n'kuthawa. Iwe unaima pamene unalakwira. Amayi ako aika cholembera pansi kuti apukute m'maso, akuti ndi fumbi.

Ndipo sunalekere pa kugwada. Tsiku lomwelo unakwera kachulu kaja kumene netiweki imagwira n'kutseka tsamba lonse, ngakhale anyamata a ku Joni anadandaula kuti nthano yaima pokoma. Masiku otsatira unabwerera ku buku, koma ulendo uno sunangodumphira pa zitsanzo ngati mwana wotola nyama m'ndiwo. Unawerenga ndi mawu otopetsa a pakati pa zitsanzo, amene iwe ndi anzako munkawalumpha. Unkadzuka, kukathandiza amayi ako kufuna mango, kubwera, kukhala pa laputopu mpaka batire life, kupita nayo kotchaja kwa a sola, kubweranso. M'mimba muli gaga yekha. Ndinkakuona ukulankhula wekha, nthawi zina kutukwana pang'ono m'Chiyao, poganiza kuti sindikumva.

Chimene unatulutsa sichinali m'chitsanzo chili chonse. Unaika batani lalikulu lofiira lotulukira, loti ndi anganga ako omwe angalione, ndi mawu ako olankhula m'Chichewa ndi m'Chiyao okumbutsa munthu kuti atuluke asanabweze foni. Unauza makina kuti foni ikangokhala kanthawi osakhudzidwa, aiwale munthuyo, chizindikiro chife. Ndipo pofuna kumva uthenga, ngakhale walowa kale, azifunsanso nambala yachinsinsi. Nthano unazisiya zotsegula, unati nthano za ababa zilibe chinsinsi, amaziuza ndi mbuzi zomwe. Ndinamva, ndipo ndakukhululukira. Utamaliza sunakhulupirire mutu wako wokha. Unapita ndi foni kumjigo n'kuuza amayi onse kuti, “Yesani kuba uthenga wa mnzanu, amene akwanitse ndimutungira madzi mwezi wonse.” Amene analimbikira kwambiri kuba ndi amayi ako omwe akulembawa. Akuti ndisanene. Alemba kale.

Sindikuuza kuti zonse zinatha bwino, chifukwa ungandigwire bodza. Abiti Sumaili ndi apongozi ake mpaka lero akakumana panjira wina amayang'ana mitambo. Tsamba lako Abiti Sumaili sanaligwiritsenso ntchito, ndipo ndi ufulu wake. Chimene chinasweka chinasweka. Koma amakupatsa moni, ndipo ndinamumva akuuza mnzake kuti mwana uja sanabisale. Ukanyamule zimenezo. Ntchito yako ndi yosunga pakhomo pa anthu. Akakupatsa mawu awo, zithunzi zawo, matenda awo, njala yawo. Ukalakwitsa, wolira si makina.

Tsono pang'ono za kumene ukupita. Ku koleji ukapeza ana a m'tauni amene anagwira kompyuta asanamere mano. Ena akaseka kalankhulidwe kako, akati ukununkha matemba. Asiye. Iwo akudziwa zambiri zimene iwe sudziwa, ndipo uwafunse popanda kudzikweza, monga unkafunsira Madalitso. Koma aphunzitsi akakupatsani chitsanzo, iwe uzikhala amene akukweza dzanja n'kufunsa kuti, nanga foni ikakhala ya anthu ambiri? Nanga munthuyo akakhala wosawerenga? Mafunso amenewo unawagula modula, usawasiye kuno. Makompyuta a ku koleji ndi a aliyense, ngati mpando wa m'minibasi: ukamaliza tuluka, usasiye chipewa chako pamutu pa wina. Mnyamata akadzati, “Ndipatse nambala yako yachinsinsi ndikukonzere,” umuyankhe momwe amayi ako anandiyankhira ulendo woyamba nditawaimitsa panjira ya ku Ntaja. Akana kulemba mawuwo. Akuti adzakuuza okha m'mawa.

Akutinso usasiye swala. Ine wa ku tchalitchi ndikuvomereza. Takhala m'nyumba imodzi, wina korona wina mkeka wa swala, ndipo Mulungu sanasokonezepo kuti uyu ndani. Ndipo udye. Ndikubwereza: udye. Ndikudziwa mtima wako, ukaona mbale yodzaza ukayamba kuganiza za ife, n'kuikankhira kumbali. Kusadya kwako ku Blantyre sikudzaza mbale ya kuno. Idya, unenepe, tidzakunyadire pobwera.

Tafika tsono. Amayi ako apuma mozama.

Unati tidzakunamiza. Patuma, unanena zoona, tikanakunamiza. Ndi mwambo wathu. Wa kutali timamuuza kuti tili bwino ngakhale tikukumba manda. Iwe unamva za mu uthenga wa Abiti Sumaili zikuululika pabwalo pano, n'kudziwa kuti kuseri kwa “tili bwino” aliyense kuli nkhokwe yopanda kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sukhulupiriranso mawu amenewo, ndipo sindikukudzudzula. Kumeneko ndiko kukuopsa: kukhala kutali, kumangoganizira, osadziwa. Ndiye ine ndi amayi ako tagwirizana kuswa mwambo. Nthawi ili yonse ukaimba foni, tizikuuza momwe zilili, zosapaka mafuta. Ndipo tsiku likadzafika loti ukufunika kuno, ndidzanena ndekha ndi pakamwa pangapa kuti bwera. Ndisananene, usabwere. Ngakhale ulote maloto oipa, ngakhale wina wochokera kuno akuuze kuti bambo ako aonda. Ndinaonda kale, sizachilendo.

Kuti udziwe kuti si nthano, tiyambe lero. Nandolo tinagulitsa yense. Mbuzi yatsala ndi ija yopunduka mwendo. Mvula ikagwa n'kubzala, ine ndiwoloka malire ndi amalume ako kukagwira ganyu ku Mozambique, kumene amalipira makaka, chinangwa chouma chija. Bondo langa lakumanzere likuvuta kuposa momwe ndimaonetsera. Masiku amene amayi ako amati adya kale kwa anganga ako, sanadye. Ukakhala kuno, zonsezi sizisintha. Sudzagwetsa mvula, sudzachiritsa bondo. Padzangowonjezereka pakamwa pamodzi, ndi mutu wabwino umene ukuwola pakhonde. Chimanga chimene chili m'nyumbamu chitifikitsa pa Khirisimasi, kenako

Amayi ako aimitsa cholembera. Akuti ndikunama.

Ndawafunsa kuti ndikunama pati. Akuti pa matumba athu, thumba la pansi limene ndimaliwerengera si chimanga, ndi gaga, analiika pansi dala kuti ine ndizigona tulo. Akuti chimanga sichifika ndi kumapeto kwa mwezi wamawa komwe. Ndiye ndawafunsa kuti, Abiti Jafali, zimenezi tilembe? Andiyang'ana n'kunena kuti, “Mwati tisamunamize. Nenani, ndilembe.”

Ndiye walandira, mwana wanga. Ine ndadziwa masana ano, iwe ukudziwa pamene ukuwerenga, ndipo pansi pa thumba limenelo palibenso thumba lina. Zimene unkaopa kuti tidzakubisira ukapita, takuuza usanapite. N'zowawa, koma si zoti zikugwire mwendo. Ine ku ganyu ndingonyamuka msanga, osadikira mvula. Mawu oti bwera sindinanene.

Chikwama chako amayi ako amanga kale. Ine ndidzakunyamulira mpaka pa siteji, ndipo ndalonjeza kuti kondakitala sindimuyambitsa nkhani.

Ndine bambo ako wokunyadira,
Fabiano,
ndi dzanja la amayi ako, Abiti Jafali.